Chifukwa chake nkhani za BBC pa kanema sizikuonekanso ngati kale

Pa 3 Epulo 2023, anthu amene amaonera nkhani za BBC pa nambala 400 ya DStv anapeza kuti dzina lakuti BBC World News palibenso. Panangotsala BBC News basi. Ambiri kuno kwathu sanalabadire, poti kufiira kwake kunali komwe kuja, kayimbidwe kotsegulira nkhani komwe kaja, ndipo nkhope zambiri zinali zozolowereka. Komatu tsiku limenelo BBC inachita chinthu chachikulu kuposa kufufuta liwu limodzi pa dzina. Inatenga matchanelo awiri a nkhani, ina ya anthu a ku Britain, ina ya ife akunja, n'kuwasandutsa tchanelo imodzi. Anthu ena ntchito inawathera, mapulogalamu ena anafa, ndipo amayi anayi amene anawerenga nkhani kumeneko kwa zaka zambiri anakasumira abwana awo kubwalo.

Pali anthu amene amatsatira zoterezi mosaphonya: ndani wawerenga nkhani za 6 koloko lero, bwanji desiki yasunthidwa, n'chifukwa chiyani pulogalamu yakutiyakuti yadulidwa pakati. Anzawo amawaseka kuti akutaya nthawi ndi zokongoletsa m'malo momvera nkhani yeniyeniyo. Ine ndimaona kuti osekedwawo ndi amene akuyang'ana poyenera. Nyumba youlutsa nkhani ikayamba kupsinjika pa ndalama, siimalengeza pa nkhani za madzulo kuti yafooka. Zimaonekera pa nkhope imene yasowa, pa ola limene laperekedwa ku pulogalamu yobwereza, ndi pa situdiyo yonyezimira imene kumbuyo kwa kamera kulibenso munthu.

Matchanelo awiri, matumba awiri

Ya akunjayi ndiyo inali yaikulu pobadwa. Inayamba mu 1991 ndi dzina lakuti BBC World Service Television, mu 1995 inakhala BBC World, ndipo mu 2008 inatchedwa BBC World News. Ya ku Britain inatsegulidwa pa 9 Novembala 1997, dzina lake BBC News 24. Zonse zinkaulutsa usana ndi usiku, zinkagawana atolankhani ndi maola ena a usiku, koma ndalama zoziyendetsera zinkachokera kosiyana.

Ku Britain, nyumba iliyonse imene imaonera TV pa nthawi imene zinthu zikuulutsidwa imayenera kulipira laisensi chaka ndi chaka, ndipo ndalama imeneyi ndiyo imayendetsa BBC. Pa chifukwa ichi matchanelo a BBC a m'dzikomo saloledwa kutsatsa malonda. Tchanelo ya akunja inali yabizinesi: inkapeza ndalama potsatsa malonda ndiponso kuchokera ku makampani amene amainyamula n'kuifikitsa m'nyumba ndi m'mahotela. N'chifukwa chake ife tinkaona zotsatsa za ndege, za mabanki ndi za maiko okopa alendo pakati pa nkhani, zimene munthu wa ku Leeds sankaziona.

Mu Januwale 2022, nduna yoona za chikhalidwe ndi zofalitsa nkhani pa nthawiyo, mayi Nadine Dorries, analengeza kuti laisensi ija siikwera kwa zaka ziwiri, ikhalabe pa mapaundi 159. Chaka chomwecho mitengo ya zinthu ku Britain inakwera kuposa 10 peresenti. Ndalama yolowa itaima pamodzi pamene magetsi, malipiro ndi zipangizo zikukwera, ndiye kuti thumba likuphwa. BBC inawerengera kuti pofika cha m'ma 2027 izidzaperewera mapaundi pafupifupi 285 miliyoni pa chaka. Mu Meyi 2022 mkulu wa BBC pa nthawiyo, a Tim Davie, analengeza zophatikiza matchanelo awiriwa. Mu Julayi zinadziwika kuti ntchito pafupifupi 70 zitha ku Britain, ndipo zina 20 zitsegulidwa ku Washington. Mu Seputembala nkhwangwa inafika ku World Service, nthambi ya BBC youlutsa mawu kumaiko akunja m'zilankhulo zosiyanasiyana, kumene ntchito 382 zinalengezedwa kuti zitha. Wailesi ya BBC ya Chiarabu, imene inalankhula kwa zaka 85, inatsekedwa mu Januwale 2023.

Tisawanamizire akuluakuluwo kuti analibe mfundo ina kupatula ya ndalama. Anthu ochuluka, makamaka achinyamata, nkhani amaziona pa foni. Sadikiranso kuti ola likwane. Kusunga magulu awiri a anthu, masitudiyo awiri ndi owerenga nkhani awiri pa ola limodzi, nthawi zina onse akukamba nkhani imodzimodzi, kunkaoneka ngati kuwononga pamene ndalamazo zikufunika pa intaneti. Mfundoyi ndi yomveka. Vuto lake ndi lakuti oonera awiriwa sanasanduke munthu mmodzi chifukwa choti tchanelo yakhala imodzi.

Taganizirani sabata yachiwiri chiphatikizireni matchanelowa. Kuyambira pa 11 mpaka pa 15 Epulo 2023, madokotala achinyamata ku England ananyanyala ntchito. Pa 15 Epulo pomwepo nkhondo inabuka ku Khartoum pakati pa asilikali a boma la Sudan ndi gulu lankhondo la Rapid Support Forces (RSF). Kwa munthu wa ku Manchester amene tsiku lake la opaleshoni lasunthidwa, nkhani yoyamba ndi ya madokotala, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti laisensi amalipira ndi iye. Kwa munthu wa ku Juba, ku Nairobi kapena ku Lilongwe, kunyanyala kwa madokotala a ku England ndi nkhani ya mphindi imodzi, yaikulu ndi ya Sudan. Kale mkonzi aliyense ankasankhira anthu ake. Tsopano mkonzi mmodzi ayenera kusankhira onse awiri, ola lililonse. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Njira imene BBC inatsata ndi yakuti tchanelo ndi imodzi pa dzina, koma imatuluka mwa mitsinje iwiri imene imakumana n'kusiyananso. Maola ambiri tonse timaona chimodzi. Ikakwana 1 koloko, 6 koloko ndi 10 koloko ya ku London, a ku Britain amapatukira ku nkhani zikuluzikulu za BBC One, ndipo m'mawa amaonera pulogalamu ya Breakfast, ife n'kumapitiriza ndi za dziko lonse. Ife tikapita ku zotsatsa malonda, iwo amapatsidwa tinkhani tifupitifupi ta m'dziko mwawo kuti titseke mpatawo. Kukachitika chachikulu chokhudza Britain yokha, pamakhala kagulu kodikirira kamene kamawapatula. Usiku ku London kukada, ntchito amaitenga a ku Washington ndi a ku Singapore.

Zikayenda bwino, simudziwa n'komwe kuti pasokedwa. Zikavuta, mumamva wowerenga nkhani akutsanzikana ndi theka la oonera pakati pa nkhani, kapena akufotokozera anthu a ku Britain chinthu chimene aliyense kumeneko amachidziwa chibadwire, pofuna kuti ife timve. Ofcom, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu ku Britain, linanena poyera kuti lizionetsetsa ngati anthu a m'dzikomo akupatsidwabe nkhani zawo mokwanira. Zindikirani kuti olipira laisensi ali ndi bungwe lowalankhulira. Ife oonera akunja tilibe.

Nkhope ya pa desiki

Kale kwambiri BBC inkaopa nkhope. Pamene a Richard Baker anatsegulira nkhani zoyamba za pa kanema pa 5 Julayi 1954, anthu ankangomva mawu awo uku akuona zithunzi ndi mapu. Akuluakulu ankada nkhawa kuti wowerenga akaoneka, kukweza nsidze kokha kungaonetse mbali imene ali. Zinasintha mu Seputembala 1955, ITN, kampani yokonza nkhani za tchanelo ya ITV, itatsala pang'ono kuyamba kupikisana nawo ndi owerenga ooneka komanso otchulidwa maina. A Kenneth Kendall ndi amene anayamba kuonekera pa BBC. Amayi anadikira nthawi yaitali: mayi Nan Winton anayesedwa mu 1960 koma sanakhalitse, ndipo panapita zaka 15 kuti mayi Angela Rippon akhazikike pa nkhani za 9 koloko mu 1975. Mayi Moira Stuart, mayi wachikuda woyamba kuwerenga nkhani za dziko lonse pa kanema wa BBC, anayamba mu 1981.

Ena amaganiza kuti ntchitoyi ndi yongowerenga zimene ena alemba. Pa nkhani za theka la ola mwina pali choonadi pang'ono, ngakhale kuti owerenga ambiri amalemba okha mawu otsegulira nkhani iliyonse. Koma pa tchanelo youlutsa maola 24 ndi ntchito ina. Patsogolo pa diso la kamera pali galasi limene mawu amayendapo, wowerengayo amaoneka ngati akukuyang'anani pamene akuwerenga. M'khutu muli kachipangizo kamene amamvera wowongolera pulogalamu, amene wakhala m'chipinda china chodzaza masikirini. Wowongolerayo amatha kunena kuti mlendo amene timamudikira foni yake yaduka, pitirizani kulankhula kwa mphindi ziwiri, kapena kuti nkhani ili pagalasiyo isiyeni, kwachitika zina. Nthawi zotere pagalasi sipakhala kanthu. Pamangokhala chiganizo chimodzi chochokera ku bungwe lotola nkhani, ndi chithunzi cha utsi chimene sichinadziwike bwino. Munthuyo ayenera kulankhula kwa ola lathunthu, kusiyanitsa chimene chatsimikizika ndi chimene chikungomveka, kufunsa mafunso anzeru kwa katswiri amene wamudziwa dzina masekondi khumi apitawo, osaopseza anthu, osanamanso kuti zonse zili bwino. Luso limeneli siliphunziridwa pa kosi ya miyezi itatu. Limabwera ndi zaka.

Ndi chifukwa chake zimene zinachitikira owerenga nkhani pa kuphatikizaku zinawawa anthu ambiri. Anauzidwa kuti afunsirenso ntchito, ndipo anayesedwa pamaso pa kamera ngati achilendo. Mu Febuluwale 2023 BBC inatchula asanu amene akhale owerenga akuluakulu ku London: a Matthew Amroliwala, a Christian Fraser, mayi Yalda Hakim, mayi Lucy Hockings ndi mayi Maryam Moshiri. Ambiri mwa iwowa ife tinkawadziwa kale pa BBC World News, choncho kwa ife sizinaoneke zachilendo. Kwa a ku Britain zinatanthauza kuti nkhope zimene anakhala nazo m'nyumba zaka makumi awiri zasowa. A David Eades, mayi Joanna Gosling ndi a Tim Willcox anasankha kulandira zawo n'kuchoka. Chaka chisanathe, mayi Hakim nawo anapita ku Sky News.

Amayi ena asanu anatsala m'malere, ali pa ntchito, akulandira malipiro, koma osaoneka pa kanema pafupifupi chaka chathunthu. Anayi mwa iwo, mayi Martine Croxall, mayi Annita McVeigh, mayi Karin Giannone ndi mayi Kasia Madera, anapita ku bwalo loweruza milandu ya zantchito, ndipo nkhani yawo inayamba kumvedwa mu Meyi 2024. Iwo ankati mayeso aja anali achiphamaso, osankhidwa anali atadziwika kale, ndipo iwo anasalidwa chifukwa cha msinkhu komanso chifukwa ndi akazi. BBC inakana zonsezi, inati masankhidwe anali achilungamo. Mu Malichi 2025 mbali ziwirizi zinagwirizana kunja kwa bwalo, BBC osavomera kulakwa, ndipo amayiwo anapitiriza ntchito. Bwalo silinagamule, choncho palibe anganene kuti wolakwa anapezeka. Chimene ndinganene ndi ichi: mayi Croxall ndi amene anali pa desiki pa 9 Epulo 2021 pamene uthenga wa imfa ya Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth II, unafika, ndipo anaunyamula bwino lomwe. Kusunga munthu wotere kunyumba kwa chaka, pa nthawi imene mukuti ndalama zavuta, ndi chinthu chovuta kuchimvetsa.

Palinso mbali ina ya nkhani ya nkhope, yowawa kwambiri. Kwa zaka 20 a Huw Edwards ndi amene anali nkhope ya nkhani za 10 koloko. Ndi iwo amene analengeza imfa ya Mfumukazi Elizabeth II pa 8 Seputembala 2022. Mu Julayi 2023 anaimitsidwa, mu Epulo 2024 anatula pansi udindo, ndipo mu Julayi chaka chomwecho anavomera kukhothi milandu yokhudza zithunzi zolaula za ana. Ovulazidwa enieni pa nkhaniyi ndi anawo. Koma kwa BBC linali phunziro lakuti ukaika chikhulupiriro chonse cha anthu pa munthu mmodzi, iye akagwa amagwa nacho. Mu Julayi 2023 BBC inatayanso a George Alagiah, amene anamwalira ndi khansa. A Alagiah anakulira ku Ghana, anakhalapo mtolankhani wa BBC ku Johannesburg, ndipo ankakamba za Africa ngati munthu woidziwa. Chichokereni awiriwa, BBC sinaikenso munthu mmodzi pamwamba pa onse. Nkhani za madzulo amasinthana a Clive Myrie, mayi Sophie Raworth, mayi Fiona Bruce ndi anzawo.

Situdiyo imalankhula

Mu 2013 BBC inasamutsa nkhani kuchoka ku Television Centre kupita ku Broadcasting House, pakati pa mzinda wa London. Situdiyo imene anthu anaizolowera kuyambira pamenepo inali ndi khoma la galasi, kumbuyo kwake kukuoneka chipinda chachikulu cha atolankhani ali pa makompyuta. Sanachite zimenezi mwangozi. Ankafuna woonera aziona yekha kuti kumbuyo kwa munthu mmodziyu kuli khamu la anthu amene akufufuza. Makamera anali oyenda okha pa tinjanji, olamulidwa ndi kompyuta, ndipo nthawi zina ankasochera n'kumaonetsa mpando wopanda munthu, wowerenga akulankhulira pambali.

Mu Juni 2022 nkhani za 6 ndi 10 koloko zinalowa mu situdiyo yatsopano yotchedwa Studio B. Muli sikirini yaikulu yokhota, ina yaitali yoimirira, masitepe ozungulira, ndi malo okwanira kuti wowerenga aziyenda. Desiki ilipo koma si mwini nyumba ngati kale. Wowerenga amaimirira pambali pa sikirini n'kumaloza manambala, mtolankhani amabwera kudzaima naye, wolosera zanyengo amalowa momwemo. Kaimidwe kameneka kali ndi cholinga chachiwiri: kachidutswa ka mphindi ziwiri ka munthu akufotokoza nkhani pa sikirini kamadulika bwino n'kuikidwa pa foni. Situdiyo ya masiku ano imamangidwa poganizira anthu amene sadzaonera pulogalamu yonse.

Inatsegulidwa patangopita milungu yochepa a Davie atalengeza za kuchepetsa ntchito, ndipo n'zosadabwitsa kuti munthu angafunse kuti ndalama za masitepe ozungulira zapezeka bwanji pamene za anthu zasowa. Yankho lake ndi losasangalatsa koma ndi losavuta. Situdiyo umalipira kamodzi, munthu umamulipira mwezi ndi mwezi. Ndiponso situdiyo yatsopano nthawi zambiri ndi imene imachititsa kuti anthu achepe. Kumene kale kunkafunika ojambula atatu kapena anayi, woyang'anira pansi, wosakaniza zithunzi, wa zomveka ndi woyendetsa mawu a pagalasi, lero kompyuta imasunga kayendedwe konse ka makamera ndi magetsi, anthu ochepa n'kumangoilamula. M'masitudiyo ambiri wowerenga amayendetsa yekha mawu a pagalasi ndi phazi kapena ndi dzanja. Choncho mukaona situdiyo yakula ndi kuwala, musafulumire kuganiza kuti eni ake alemera.

Chimene sachikhudza kwenikweni ndi kayimbidwe ndi mtundu. Kufiira kuja kunabwera mu 1999 ndi a Martin Lambie-Nairn, ndipo nyimbo yake anaipeka a David Lowe, amene anaimanga pa kulira kwa tizizindikiro ta nthawi tija timamveka pa wailesi ola likamakwana. Aliyense amene anakula akumvera BBC pa wailesi amatidziwa. Zaka zoposa 25 zapita, nyimboyo yakonzedwa kangapo koma sinatayidwe. Imagwira ntchito yaikulu: imauza khutu kuti muli pamalo pomwe paja, ngakhale pamene anthu, mapulogalamu ndi kayendetsedwe zonse zasinthidwa.

Ola la nkhani

Za kusuntha nthawi, a ku Britain ali ndi chitsanzo chimene sachiiwala. ITV, tchanelo yabizinesi yopikisana ndi BBC, inali ndi News at Ten kuyambira 1967, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ankawerenga ndi a Trevor McDonald, mbadwa ya ku Trinidad. Mu Malichi 1999 ITV inaichotsa pa 10 koloko kuti mafilimu ndi masewero aziyenda osadulidwa. BBC inaona mpata, ndipo mu Okutobala 2000 inasamutsa nkhani zake kuchoka pa 9 kupita pa 10 koloko. ITV itabwerera mu 2001, inkaulutsa pa 10 masiku ena okha, masiku ena mochedwerapo, mpaka anthu anasiya kudziwa nthawi yake. Inadzakhazikikanso pa 10 koloko mu 2008, koma malo anali atatengedwa, ndipo BBC ikutsogolabe pa ola limenelo. Nkhani za madzulo anthu amazionera mwa chizolowezi, amakonzera chakudya ndi tulo mozungulira nthawiyo. Ukaisuntha, amapeza china chochita.

Kusintha kwa masiku ano sikukhala kosuntha ola kokha, kumakhala kochotsa zam'kati n'kusiya dzina. Newsnight, pulogalamu ya usiku ya BBC imene inayamba mu 1980, inali ndi atolankhani akeake ofufuza nkhani zozama. Mu Novembala 2023 BBC inalengeza kuti pulogalamuyi ifupikitsidwa kufika mphindi 30 ndipo oposa theka la antchito ake achoka. Kuyambira Meyi 2024 yakhala ya zokambirana: wofunsa ndi alendo atakhala pansi. Dzina lilipo, nyimbo ilipo, koma kufufuza kuja kunapita. Kukambirana n'kotchipa, poti mlendo amabwera yekha. Kutumiza mtolankhani ndi wojambula kwa milungu itatu kuti akatsimikize chinthu chimodzi n'kodula. Pokonzekera kuphatikiza matchanelo kuja, mapulogalamu monga Outside Source ya a Ros Atkins ndi Dateline London anatha, m'malo mwake munabwera ena monga Verified Live ndi BBC News Now.

Zimene zikutikhudza ife

Pa zosintha zonsezi, ziwiri zimafika pakhomo pathu mwachindunji, china chabwino, china choipa.

Focus on Africa ya pa kanema inayamba mu 2012, ikuulutsidwa kuchokera ku London, owerenga ake a Komla Dumor a ku Ghana ndi mayi Sophie Ikenye a ku Kenya. Amene anawaona a Dumor amakumbukira mmene ankadzazira sikirini, ndi kuseka kwawo, ndi mafunso awo osanyengerera. Anamwalira mwadzidzidzi pa 18 Januwale 2014 ali ndi zaka 41 zokha. BBC inakhazikitsa mphoto ya atolankhani a mu Africa m'dzina lawo. Woyamba kuilandira mu 2015 anali mayi Nancy Kacungira a ku Uganda, ndipo mu 2018 anailandira a Waihiga Mwaura a ku Kenya. Mu 2023 pulogalamuyi inasamukira ku Nairobi, kumene BBC inatsegula ofesi yake yaikulu kuposa zonse za kunja kwa Britain mu 2018, ndipo a Mwaura anachoka ku Citizen TV ya ku Kenya kudzaitsogolera. Kusamukaku kunalengezedwa pamodzi ndi kudula ntchito kuja, choncho sitinganene kuti kunachokera m'chikondi chokha. Komabe ndikuona kuti n'koyenera. Mkonzi amene amagula mafuta a galimoto ndi ufa pa mitengo ya kuno, amene magetsi amamuthimira, amasankha nkhani mosiyana ndi amene amaiona Africa pa mapu. Chofunika kusamala n'chakuti Nairobi asasanduke Africa yense, poti kuchokera kumeneko Malawi, Zambia ndi Mozambique akhoza kuoneka kutali monga momwe ankaonekera ali ku London.

Choipacho ndi imfa ya HARDtalk. Pulogalamuyi inayamba mu 1997 ndi a Tim Sebastian, ndipo kuyambira cha m'ma 2005 nkhope yake yaikulu inali a Stephen Sackur. Inalibe zokongoletsa: mipando iwiri, chipinda chamdima, munthu mmodzi kufunsidwa pafupifupi theka la ola ndi wofunsa amene wawerenga zonse zimene munthuyo ananenapo. A Malawi ambiri amaikumbukira chifukwa cha Julayi 2021, pamene mayi Sarah Montague anafunsa a Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, za malonjezo a kampeni ndi za kupereka maudindo kwa achibale. Kaya munali mbali iti, munaonera, ndipo mawa lake inali nkhani m'minibasi ndi m'maofesi. Atsogoleri ambiri a mu Africa anakhalapo pa mpando umenewo n'kufunsidwa zimene atolankhani a kwawo sakanatha kufunsa popanda kuopa za mawa.

Mu Okutobala 2024 BBC inalengeza kuti HARDtalk itha, pamodzi ndi ntchito zina zoposa 100 za ku nthambi ya nkhani, ndipo inatsekedwa mu Malichi 2025. A Sackur sanabise kukhumudwa kwawo. Akuluakulu anati mafunso ovuta azipitirira m'mapulogalamu ena, ndipo tchanelo iziika mphamvu pa nkhani zongochitika kumene. Koma kufunsa kwa mphindi zinayi pakati pa nkhani zina si chimodzimodzi. Wandale aliyense wozolowera amatha kuzemba kwa mphindi zinayi: amabwereza mfundo yake kawiri, nthawi n'kutha. Pa mphindi 25 zozembera zimamuthera, ndipo funso limene analithawa poyamba limabweranso. Pulogalamuyi inali ya anthu ochepa ogwira ntchito, ndipo phindu lake lalikulu linali kwa oonera akunja, m'maiko amene atsogoleri safunsidwa kawirikawiri. Anthu amenewo salipira laisensi, savota ku Britain, ndipo sangadandaule ku Ofcom. Sindikukayika kuti zimenezi zinapeputsa chiganizo choitseka.

Laisensi ija inadzakwera kufika mapaundi 169.50 mu Epulo 2024 ndi 174.50 mu Epulo 2025, koma nyumba zolipira zikucheperachepera pamene anthu akusamukira ku Netflix ndi YouTube. Chikalata chachifumu chimene chimapatsa BBC mphamvu zogwirira ntchito chikutha pa 31 Disembala 2027, ndipo boma la Britain liyenera kugamula ngati laisensi ipitirire kapena papezeke njira ina. Mkati mwa mkangano umenewo muli funso limene likutikhudza: ndani azilipira nkhani zopita kunja? Mpaka 2014 World Service inkalipiridwa ndi unduna wa zakunja wa Britain, kenako katunduyo anasenzetsedwa olipira laisensi, boma n'kumangowonjezerapo. Akuluakulu a BBC akhala akupempha kuti boma liutengenso. Likavomera, ndalama zikhoza kukhazikika, koma padzabuka funso la ufulu wa atolankhani olipiridwa ndi boma. Likakana, kudula kudzapitirira, ndipo zaka zapitazi zaonetsa mbali imene nkhwangwa imayambira.